Bondo Liyang'ane Chala Chachiwiri

Munthu akalowa m'shopu yanga kuno ku Chamonix, m'munsi mwa phiri la Mont Blanc, sindithamangira kumuonetsa jombo. Ndimamupempha avule nsapato ndi masokosi, aime chilili. Ine ndimagwada n'kuyang'ana mmene phazi laponderera, kumene mawondo aloza, ndiponso ngati akakolo akulola bondo kupita kutsogolo chidendene chisananyamuke.

Jombo ya ski si yoyendera. Ndi chigoba cha pulasitiki yolimba, chokhala ndi kansapato kofewa m'kati, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa kwa ski chilichonse chimene mwendo wachita pamene munthu akutsetsereka pa chipale chofewa. Phazi likamagwedezeka m'katimo, ski imamva mochedwa.

Ambiri amabwera ndi jombo yaikulu, poti ndiyo inkamveka bwino tsiku logula. Saizi yathu timaitcha Mondopoint, ndipo ndi kutalika kwa phazi m'masentimita. Koma ine sindikhulupirira nambala yokha. Ndimachotsa kansapato kofewa kaja, munthu alowetse phazi m'chigoba mpaka zala zikhudze kutsogolo, kenako ndimasuzumira kumbuyo kwa chidendene. Mpata wa sentimita imodzi ndi theka kapena awiri ndi wabwino. Ukaposa apo, kansapato kakadzaphwa patapita masiku, chidendene chizidzanyamuka, zala zizidzafinyika pofuna pogwira, thupi lonse n'kukhalira kumbuyo ngati munthu wofuna mpando. Madzulo ntchafu zimachita kuyaka moto.

Jombo yothina sindiiopa. Pamene fupa likupanikizika ndimatenthetsa pulasitiki n'kuifutukula, kapena kuipala m'kati pang'ono. Yaikulu ndiye ilibe mankhwala.

Gawo limene ndimalikonda, ndipo ndimachedwapo dala, ndi la mawondo. Ndikaika kale chopondera choumbidwa motsata phazi lake, munthuyo amavala jombo zonse ziwiri n'kuima pamalo osalala, miyendo itatalikirana monga amaimira pa ski. Ndimalemba kadontho pakati pa bondo, n'kulendewetsa chingwe cha kachitsulo kumapeto, chonga cha amisiri omanga nyumba. Chingwecho chiyenera kugwera pafupi ndi chala chachiwiri. Wa matewe chimagwera kunja, ndipo ski yake imaluma chipale asanaiuze. Amene mawondo ake amagundana chimagwera m'kati. Ndimayamba ndi kupendeketsa khosi la jombo kuti litsate mwendo. Zikakanika ndimaika tizidutswa topyapyala mbali imodzi pansi pa jombo, kuyambira theka la digiri, mpaka bondo lifike pamalo pake. Ndikapala pansi pa jombo motsata muyeso umenewo, ndimabwezeretsa kukhuthala kwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa chogwirira jombo pa ski chiyenera kumasula munthu akagwa. Apa sindinyengerera aliyense.

Chaka chatha kunabwera mayi wina amene anali atatsala pang'ono kusiya masewerawa. Ankati kukhotera kumanzere kumamukanika, ndipo ankadziimba mlandu yekha. Chingwe chinandionetsa kuti bondo lake lamanja linkagwera m'kati.

"Mayi, vuto si inu," ndinatero. "Imani pa kachidutswa aka, mundiuze mukumva bwanji."

Anaima, napinda mawondo kawiri, n'kukhala chete kanthawi.

"Bambo, phazi lonse lafika pansi."

Inali digiri imodzi yokha. Mawa lake madzulo anabweranso, masaya atafiira ndi chisanu, atanyamula jombo za mwamuna wake.