Usiku Umodzi Wokha Mumlengalenga

Kuchokera ku London kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 8,000. Kukanakhala ndege yowongoka, bwenzi munthu akunyamuka madzulo n'kukamwa phala kwathu m'mawa. Akuluakulu amene anafika kuno kale amasimba kuti m'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi ndege yake ya VC10 yomwe inkanyamuka pa Chileka n'kudzatera ku Gatwick. Ife obwera m'mbuyo tinapeza zimenezo zitatha.

Njira yathu ndi yokhota. Ambiri timakwera ya Ethiopian Airlines pa Heathrow usiku, n'kuchezera m'mwamba maola pafupifupi 8, kukucha tili ku Addis Ababa. Ena amadzera ku Nairobi. Odzera ku Johannesburg ndiwo amandimvetsa chisoni, chifukwa ndege imawapitirira nako kwawo n'kukawatula kummwera, kenako abwererenso m'mbuyo maola oposa awiri.

Kwa ine, Malawi amayambira pabwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa. Ukuyenda ndi tulo m'maso, miyendo itatupa, mwadzidzidzi umve wina akuti, "Amayi, tandionerani chikwamachi, ndikubwera." Thupi lonse limachita tsemwe. Pachipata cha ndege ya ku Lilongwe pamakhala abusa ochokera kumsonkhano, amayi a geni ochokera kokaoda katundu ku Dubai, ana asukulu ovala majekete a m'nyengo yozizira. Mukangopatsana moni, funso ndi lomwelija: "Kumudzi n'kuti?" Ukati ku Ntcheu, sipalephera kupezeka wina wodziwa msika wa pa Tsangano.

Patsala maola anayi. Cha kumapeto kwake nyanja imaonekera pansi, kenako dothi lofiira, malata akunyezimira pakati pa mitengo ya mango, mpaka matayala agunde pansi ku Lumbadzi. Chitseko chikatseguka, kamphepo kofunda kaja kamakulandira kumaso.

Mukawerengera, ndi maola ngati 12 okha m'mwamba. Chimatitsekera kuno ndi tikiti. Munthu wosamalira okalamba amasunga miyezi ndi miyezi, kwinaku akulipira lendi ndi kutumiza za feteleza ndi fizi, ndipo Disembala akayandikira mtengo umakweranso. Tchuthi kuntchito n'chochita kupempha kudakali kutali. Ndiye pali masutikesi awiri a makilogalamu 23 oti adzaze, poti wochokera ku Ulaya safika kumudzi chimanjamanja.

Zovuta sizidikira zonsezi. Uthenga wa maliro a azakhali anga unandipeza pa WhatsApp ndili pa ntchito ya usiku, ndipo anati mwambo ndi mawa lake. Ndikanakwera ndege tsiku lomwelo, n'kuthamanga mumsewu wa M1 kudutsa Dedza, ndikanapezabe adzukulu atakwirira kale. Ndinaonera pafoni, mphwanga ataigwira m'mwamba pakati pa khamu, amayi a Mvano akuimba, netiweki ikudukaduka. Ndinalira ndekha m'khitchini, popanda wondigwira dzanja n'kunena kuti pepani.

Sabata yatha mayi anandifunsa kuti kodi ndegeyo imayenda masiku angati kuti ifike kumudzi. Ndinati usiku umodzi ndi theka la tsiku basi. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiyetu m'pafupi, mwanangu. Nanga bwanji sukubwera?"