KU LUSUMBWE, KUMENE NSOMBA NDI MPHEPO ZILI NDI MAINA

Amayi anzanga, sabata ino tiyeni tipite kunyanja. Mukachoka pa boma la Mangochi kulunjika kumpoto, mumayenda mtunda wa makilomita ngati 60 pakati pa malambe ndi migwalangwa, kudutsa Nkopola ndi Makawa, kufikira msewu utakutulani pa doko la Monkey Bay, m'dera la Mfumu Nankumba. Dzina limeneli anatcha ndi Azungu. Eni ake a malowo ankati Lusumbwe, koma mukafunsa ana amene akusambira padokopo, si onse amene angakuuzeni dzina lakaleli. Nkhani yathu yagona pamenepa.

Malowo ngokongola ndithu. Mapiri a miyala anazinga madzi ngati mpanda, kotero kuti mafunde safika ndi ukali. Pano ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, nibwera m'zidutswazidutswa, ndi kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Kuseri kwa mapiri kuli Cape Maclear ndi mudzi wa Chembe, kumene amishoni a Livingstonia anafika mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. M'mbali mwa njira yopita kumeneko muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini zimene agogo athu ankatema pokongoletsa thupi. Gawo lina la derali Boma linalisandutsa malo otetezedwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba.

Koma mukafuna kudziwa Lusumbwe weniweni, lawirirani m'mamawa kupita kugombe pamene mabwato akukocheza. Mudzapeza amayi ndi mabeseni awo akuitanira mitengo, ena akuyanika usipa pamathandala. Tcherani khutu. Uyu akulankhula Chichewa cha kunyanja, uyo akuyankha m'Chiyao, winanso akuseka m'Chitonga, pakuti asodzi ochokera ku Nkhata Bay anabwera kale kudzakhazikika m'midzi yonga Msaka. Madzi amodzimodziwo wina akuti madzi, mnzake akuti mesi. Nsomba kwa wina ndi somba, ndipo nsima ndi ugali.

Msodzi wachikulire sangoti nsomba ayi. Amasiyanitsa chambo, utaka, mcheni, kampango, bombe, mpasa ndi mbuna. Sangotinso mphepo. Amadziwa Mwera wa kumwera umene umavuta m'miyezi yozizira, Mpoto, Vuma wa kum'mawa ndi Zambwe wa kumadzulo. Maina amenewa ndiwo amamuuza tsiku loponya chilimira ndi tsiku losiya bwato pamchenga. Mwana akataya mawuwo, wataya ndi nzeru yomwe yopulumutsa moyo panyanja.

Ena mwa inu munganene kuti Chiyao sichingathe, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, 13 ndi Ayao. Nzoona. Koma chilankhulo sichifa tsiku limodzi. Poyamba pamatayika maina a mitengo ya mankhwala, miyambi, nthano ndi mawu aulemu oitanira apongozi. Kenaka mwana amamva koma sayankha, ndipo mdzukulu samva konse. Taonani anansi athu Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza. Makolo awo anabwera ndi chilankhulo chawo kuchokera kumwera, nakwatira akazi a kuno. Ana anakulira kumbuyo kwa amayi olankhula Chichewa, ndipo lero Chingoni chatsala makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu owerengeka. Phunziro lake ndi lakuti chilankhulo chimene mayi amatonthozera mwana ndicho chimakhala.

Sukulu ndi wailesi nazo zili ndi mbali yake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko lonse, ndipo kwa zaka zambiri wailesi ya MBC inkalankhula Chichewa ndi Chingerezi basi. Nkhani za m'Chiyao zinayamba kumveka pa wailesiyo mu 1996. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira m'sukulu. Motero ntchito yosunga zilankhulo zathu yatsalira pakhomo, m'manja mwa ife amayi.

Apa Monkey Bay ali ndi mbiri yotinyaditsa. Mu 1998 bungwe la amayi atolankhani la MAMWA, mothandizidwa ndi UNESCO, linatsegula pano wailesi ya Dzimwe, kuti mayi wa kumudzi amveke akulankhula za m'dera lake m'mawu ake omwe. Tsono chimene wailesi inayamba, lamya ya m'manja yachifikitsa m'khitchini.

Amuna ambiri a ku Mangochi ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town pa ntchito. Kale kalata inkafuna munthu wodziwa kulemba, ndipo ambiri olemba anaphunzira m'Chichewa chokha. Lero pa WhatsApp mayi amangodina, nalankhula Chiyao chake, mawuwo n'kuwoloka malire nthawi yomweyo. Ngakhale gogo amene sanaponde m'kalasi angathe kutumiza nthano kwa mdzukulu wobadwira ku Joni. Pa Facebook ndi YouTube anyamata amaika nyimbo ndi nthabwala m'zilankhulo za kwawo, ndipo mwana akaona chilankhulo cha amayi ake pa lamya amaleka kuchita nacho manyazi. Makina omasulira a Google analandira Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Makina otere amaphunzira kuchokera ku zimene anthu analemba ndi kujambula, choncho chilankhulo chimene eni ake sachilemba chimatsalira m'mbuyo.

Vutoli si la ife tokha. Pa dziko lapansi pali zilankhulo pafupifupi 7,000, ndipo akatswiri akuti mwa khumi zilizonse, zinayi zili pangozi yakutha. Ndicho chifukwa chake bungwe la United Nations linapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kuti zikhale zosamalira zilankhulo za makolo.

Nanga ife tichitepo chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wa gulu lanu, kaya ndi la mpingo, la kumzikiti kapena la banki m'khonde, sipalephera kukhala mayi mmodzi wa lamya yojambula mawu. Pitani awiriawiri kwa gogo wa m'mudzi mwanu, mupemphe chilolezo mwaulemu, ndipo musapite chimanjamanja. Khalani pamalo opanda phokoso. Poyamba tchulani tsiku, mudzi ndi chilankhulo, kenaka alekeni alankhule osawadula. Afunseni maina a ndiwo za kutchire, kaphikidwe ka thobwa, nyimbo za pamtondo ndi zogoneka mwana. Zimene mwajambula musazisiye m'lamya imodzi, pakuti lamya imabedwa ndiponso imagwa m'madzi. Tumizani kwa anzanu atatu, zina musunge pa kakhadi kosungira zinthu.

Komabe chenjerani, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Malangizo a kunsondo ndi a litiwo ali ndi eni ake, anankungwi, ndipo ali ndi nthawi yake. Amenewo asaikidwe pa Facebook, chifukwa chimene chalowa pa intaneti sichibwezedwa. Ndiponso lamya imasunga mawu monga nkhokwe isungira chimanga. Chimanga cha m'nkhokwe sichikhutitsa mwana mpaka mayi atasinja ndi kuphika. Madzulo ano, mukatha kudya, itanani ana, muwamvetsere mawu a agogo awo, ndipo muwafunse kuti abwereze. Mwana akakuyankhani m'chilankhulo cha kwanu, ngakhale mopotoza, musamuseke. Muyamikireni, mawa adzayesanso.