Chitupa cha ku Britain

Chimene chikundivuta mumtima, abale anga, pa mawu amene Keir Starmer, monga nduna yaikulu ya Britain, analengeza mu September 2025, akuti munthu asadzalembedwe ntchito ku Britain popanda chitupa cha boma cha pafoni, n'chakuti bwana amene amalemba mlendo mobisa, nampatsa ndalama m'manja usiku kuseri kwa khitchini, sanasowepo njira yodziwira kuti wantchito wakeyo ndani. Amadziwa ndithu, ndipo ngakhale lamulo limamulipiritsa mpaka mapaundi 60,000 pa munthu mmodzi, iye amawerengera phindu lake nalimba mtima, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Angerezi eni ake anataya zitupa za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1952, munthu wina dzina lake Clarence Willcock atakana kuonetsa chake kwa wapolisi. Anazibwezanso ndi lamulo la 2006, nazifafaniza mu 2010. Ndipo sitinaiwale ana a Windrush, anthu ochokera ku Caribbean amene anakalambira m'dzikomo akukhoma msonkho, koma anachotsedwa ntchito, ena nathamangitsidwa, chifukwa chosowa pepala. Ndikadakondwera chitupa chikadakhala chishango cha mlendo wolungama, kuti pomufunsa atulutse foni nadutse mwaulemu. Koma ndiopa kuti goli lidzagwera wosauka yemwe uja amene amadya thukuta la nkhope yake.

Inu amene muli ku Leeds ndi ku Manchester, amene mumasambitsa okalamba a eni dziko mpaka mbandakucha, tatiuzani: kodi chitupachi chingakutetezeni, kapena chingangokuonjezerani mantha?