Setilaiti siiona chigafa

Ndakhala chete kwa kanthawi, kuchonga mayeso kunandipanikiza.

Sabata yatha ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 za GDP, kutanthauza mtengo wa zonse zimene dziko lapanga m'chaka. Ndinawauza kuti masiku ano akatswiri ena amayeza chuma ndi zithunzi za setilaiti zojambulidwa usiku. Mu 2012, Henderson, Storeygard ndi Weil anaonetsa kuti chuma cha dziko chikamakwera, magetsi akenso amawala kwambiri.

Mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye kuti kwathu kulibe chuma? Ife usiku timangoyatsa tochi."

Anzake anaseka, koma ine ndinasowa chonena. Kwawoko zigafa zangoti mbwee. Fodya wake amakagulitsidwa ku Chinkhoma pa madola, ndipo kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za Malawi. Koma ukayang'ana kuchokera kumwamba usiku, Lilongwe ndiye akuwala, midzi ya Kasungu ili bii.

Musandimve molakwa, zipangizozi ndi zothandiza. Pa kalembera wa 2018 a NSO anagwiritsa ntchito matabuleti, ndipo patangopita miyezi yochepa tinadziwa kuti tinalipo 17.5 miliyoni. Pa kafukufuku wa mabanja wa 2010/11 minda ankaiyeza ndi GPS, osangodalira pakamwa pa mwini munda. Malemu bambo anga ankalumbira kuti munda wathu ndi maekala 3. Titauyeza sunafike 2, kusonyeza kuti zaka zonsezo ankadzinyoza kuti amakolola zochepa pa ekala, chonsecho ayi.

Nkhawa yanga ndi iyi: makina amawerenga chimene chasiya chizindikiro. Ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money imalembedwa. Nanga amayi a mtsikana uja, amene amasoka fodya tsiku lonse paganyu n'kulipidwa ndowa ya chimanga? Palibe lisiti, palibe foni, palibe getsi. Ndipo amene sawerengedwa, pogawa misewu ndi zipatala amaiwalikanso.

Ndawapatsa anawo ntchito: aliyense alembe zonse zimene apabanja pake agwira m'sabata imodzi, zolipidwa ndi zosalipidwa zomwe. Lolemba tikawonkhetsa pabolodi. Mtsikana uja wandiuza kale kuti pepala limodzi silimukwanira.

Zotsatira zake ndidzakuuzani. Tsalani bwino.