Usiku umene kompyuta inauma

Pakhomo pathu pali laputopu imodzi yokha. Tinaigula yogwirapo kale ntchito, ndipo imatumikira banja lonse. Ife makolo timalemberapo ndalama za kagolosale kathu, anyamata amachitirapo ntchito ya kusukulu, ndipo chaka chatha mwana wathu wamkazi, amene ankaphunzira za unamwino, analemberapo lipoti la kafukufuku wake womaliza. Lipotilo linkafunika kwa aphunzitsi Lachisanu m'mawa. Zimene tikufuna kukufotokozerani zinachitika Lachinayi, cha m'ma 10 koloko usiku.

Tinali titakonzeka kale kukagona pamene tinamva mfuu kuchokera kuchipinda kwake.

"Amayi! Yauma!"

Tinamupeza atakhala pabedi, laputopu ili pabulangete, manja ali kumutu. Tsamba limene ankalembapo linali litayererako ngati lakutidwa ndi nkhungu. Pamwamba pake panali mawu awiri a Chingerezi akuti "Not Responding," kutanthauza kuti pulogalamuyo sikuyankha, ndipo kachizindikiro kozungulira kankangozungulira osaleka. Anali akulemba mutu womaliza kuyambira dzuwa litangolowa. Titamufunsa kuti anasunga liti zimene walembazo, anangopukusa mutu, misozi ili lengelenge.

Tisabise, ife akuluakulu tinachita zomwe timachita wailesi ikavuta. Wina anayamba kudina mabatani onse motsatizana. Wina ankadina mausi kambirimbiri ngati akugogoda pachitseko cha munthu wogontha. Mawu nawonso anayamba kukwera. Tinamufunsa chifukwa chake anasiya ntchito yofunika chonchi mpaka usiku womaliza, funso limene silikanabweza ngakhale chilembo chimodzi. Kenako bambo a pakhomo pano anatambasula dzanja kuti akanikize batani lozimitsira.

Amene anagwira dzanjalo anali mwana wathu wamwamuna wa Fomu 3.

"Ababa, chonde musazimitse. Mukazimitsa, zonse zimene achemwali alemba zikhoza kupita."

"Iwe ukudziwa chiyani? Chinthu chikauma amachizimitsa n'kuchiyatsanso."

"Bambo, tamusiyani mwanayo ayese," anatero mayi ake.

Mnyamatayo anangopempha chinthu chimodzi: tonse tichotse manja pakompyutapo, tidikire.

Kuuma sikutanthauza kufa

Zimene tinaphunzira usiku umenewo, ndi zina zimene tinadzamvetsa pambuyo pake, ndi izi. Pulogalamu imene yatsegulidwa imayenera kumayankha nthawi zonse munthu akadina batani kapena mausi. Ikatanganidwa kwambiri ndi ntchito ina n'kutha masekondi pafupifupi asanu osayankha, Windows imalemba mawu aja akuti "Not Responding." Zili ngati mwafika pagolosale n'kuodira, koma wogulitsa ali kuseri akusuntha matumba a shuga. Sanathawe, wangotanganidwa. Mukapitiriza kuodira, simukumuthandiza. Chimodzimodzinso pakompyuta: kudina kulikonse kumakaima pamzere kudikira yankho, ndipo pulogalamuyo ikatsitsimuka imayenera kuyamba yathana ndi mzere wonsewo.

Tinaphunziranso chifukwa chake kuzimitsa kuli koopsa. Kompyuta ili ndi malo awiri oikapo zinthu. Pali chimene amati RAM, chomwe tingachiyerekezere ndi tebulo logwirirapo ntchito. Palinso disiki, imene ili ngati kabati yosungiramo mabuku. Zimene mukulemba panopa zili patebulo. Zimalowa m'kabati pokhapokha mukazisunga. RAM imagwira zinthu pamene magetsi alipo basi, ndiye mukazimitsa kompyuta, tebulo lonse limaseseka. Ntchito ya maola anayi ya mwana wathu inali patebulo limenelo, ndipo dzanja la bambo ake linatsala pang'ono kulisesa.

Kupeza chimene chalemetsa kompyuta

Pamene tinkadikira, mnyamata uja ananyamula laputopu ija pabulangete n'kukaiika patebulo la pabalaza. Kunsi kwake kunali kotentha moti sukanagwira nthawi yaitali. Bulangete linali litatseka timabowo tolowera mpweya. Kompyuta ikatentha kwambiri imachepetsa dala liwiro lake kuti isapse, ndipo zonse zimayamba kuyenda mwaulesi.

Patatha mphindi zisanu palibe chinasintha. Apa m'pamene anadina mabatani atatu nthawi imodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Panatseguka kawindo kotchedwa Task Manager, kamene kamaonetsa mndandanda wa mapulogalamu onse amene akugwira ntchito pa nthawiyo. Pafupi ndi dzina lililonse pali manambala osonyeza kuchuluka kwa mphamvu imene pulogalamuyo ikudya. Pamene palembedwa CPU ndi ntchito ya ubongo wa kompyuta, pa Memory ndi malo a patebulo paja, ndipo pa Disk ndi kutanganidwa kwa kabati ija. Mukadina mutu wa mzere uliwonse, pulogalamu yadyera kwambiri imabwera pamwamba.

Laputopu yathu ili ndi RAM ya 4GB yokha, ndipo tebulolo linali litadzaza pafupifupi lonse. Wolidzaza sanali pulogalamu yolembera ija. Anali masamba a pa intaneti oposa 20 amene mtsikanayo anatsegula pofufuza, n'kuwasiya onse ali chitsegukire, kuphatikizapo lina limene linkaimba nyimbo chapansipansi. Mnyamatayo anasankha pulogalamu yoonera intanetiyo n'kudina mawu akuti "End task," amene amatseka pulogalamu mokakamiza. Sanakhudze yolembera ija. Anati nthawi zambiri mukachotsa katundu wolemera, youma ija imadzuka yokha, ndipo mumapeza mpata wosunga ntchito yanu.

Ife sizinatiyendere choncho. Tinadikiranso mphindi 10, tsamba lili chiyererere. M'nyumba munali zii. Mtsikana uja anali atasiya kulira, akungoyang'ana sikirini.

Kutseka chokhacho chimene chauma

"Achemwali, tsopano tiitseke basi," anatero mnyamatayo. "Koma poyamba bwerekeni foni yanu."

Anajambula sikirini ija ndi foni. Ngakhale tsamba linali loyererako, mawu a ndime zomaliza ankawerengeka. Nzeru imeneyi ife sitikanaiganiza. Kenako anabwerera ku Task Manager, anasankha pulogalamu yolembera ija yokha, n'kudina "End task." Tsamba linazimiririka. Mitima yathu inali m'mwamba.

Ataitsegulanso, kumanzere kwa sikirini kunatuluka kabokosi kosonyeza kope la lipotilo limene pulogalamuyo inadzisungira yokha. Mapulogalamu ambiri olembera ali ndi chitetezo chotere. Mwachitsanzo, Microsoft Word ili ndi chimene amati AutoRecover, chomwe chimasunga kope lapadera mphindi 10 zilizonse ngati munthu sanasinthe nthawiyo. Mwana wathu anapeza ntchito yake yonse, kupatula ndime ziwiri zomaliza, ndipo ndime zimenezo zinali pachithunzi cha pafoni chija. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kusunga kope lopezedwalo ndi dzina latsopano. Pofika 12 koloko anali atamaliza.

Tisakunamizeni kuti nthawi zonse zimatha bwino chonchi. Kutseka pulogalamu mokakamiza kumataya chilichonse chimene sichinasungidwe, ndipo kope lodzisunga lokha lija nthawi zina silipezeka. N'chifukwa chake kutseka kumabwera pambuyo pa kudikira, osati patsogolo pake.

Ndondomeko imene tinamata pakhoma

M'mawa mwake tinapempha mnyamata uja kuti atilembere zonse pakapepala, ndipo kapepalako kadakali pakhoma pafupi ndi tebulo.

Choyamba, chotsani manja, dikirani mphindi zingapo. Chachiwiri, yesani kutseka mwa njira ya masiku onse, podina kachizindikiro ka X pakona kapena mabatani a Alt ndi F4. Ngati pulogalamuyo yaumadi, Windows imakufunsani ngati mukufuna kuitseka kapena kudikira kuti iyankhe. Ngati muli ntchito yosasungidwa, sankhani kudikira kaye. Chachitatu, tsegulani Task Manager, onani chimene chikudya mphamvu, ndipo tsekani zimene mulibe nazo ntchito. Chachinayi, ngati zakanika, tsekani youmayo yokha.

Pali chenjezo limene analilemba ndi zilembo zikuluzikulu: musatseke chinthu chimene dzina lake simukulidziwa. Kumunsi kwa mndandanda uja kuli mayina ambiri achilendo, ndipo ena mwa iwo ndi mizati ya Windows yeniyeniyo. Kutseka limodzi la amenewo kukhoza kugwetsa kompyuta yonse. Ngati chimene chauma ndi kamzere ka pansi pa sikirini kapena mafoda, pezani dzina lakuti Windows Explorer n'kudina "Restart." Sikirini imaphethira kamphindi, koma mapulogalamu anu amakhala ali chitsegukire.

Ngati Task Manager yakana kutseguka, pali mabatani ena atatu: Ctrl, Alt ndi Delete. Amenewa ndi akale ndithu. Anawakonza ndi David Bradley, injiniya wa kampani ya IBM, pamene ankapanga kompyuta yawo imene inatuluka mu 1981. Masiku amenewo ankayambitsanso kompyuta nthawi yomweyo, koma lero amatsegula tsamba limene mungasankhepo Task Manager kapena kuyambitsanso makinawo mwadongosolo. Amene ali ndi kompyuta za Apple amadina Command, Option ndi Esc, n'kusankha "Force Quit." Pafoni za Android mumapita ku Settings, kenako ku Apps, n'kusankha pulogalamu yovutayo ndi kudina "Force stop."

Batani lozimitsira lili kumapeto kwenikweni kwa kapepalako. Ngati mausi sakuyenda, kiyibodi sikumva, ndipo mwadikira mokwanira, likanikizeni osalisiya kwa masekondi angapo mpaka kompyuta itazima. Koma dziwani kuti ngati pa nthawiyo inali mkati molemba chinthu padisiki, failo imeneyo ikhoza kuwonongeka. Ndi mankhwala owawa, omwa pamene ena onse alephera.

Zizolowezi zimene tinasintha

Kuchokera tsiku limenelo, aliyense pakhomo pano amadziwa mabatani a Ctrl ndi S, amene amasunga ntchito. Timawadina tikangomaliza ndime iliyonse, mpaka zala zinazolowera zokha. Kuno magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, ndipo batire ya laputopu yakale sikhalitsa, choncho chizolowezi chimenechi chatipulumutsa kangapo. Ntchito yofunika timaikopera pafulashi kapena kudzitumizira pa imelo tisanagone. Laputopu siikhalanso pabedi kapena pamtsamiro. Masamba a pa intaneti timawatseka tikathana nawo, ndipo kamodzi pa masiku angapo timaiyambitsanso kompyutayo m'malo mongotseka chivindikiro. Tinauzidwanso kuti ikamauma kawirikawiri ngakhale palibe zambiri zotsegulidwa, ndi bwino kupita nayo kwa okonza, chifukwa mwina fumbi latseka fani, disiki yadzaza kapena yayamba kutha, kapenanso mwalowa vairasi.

Mwana wathu wamkazi nayenso anavomera kuti kulemba maola anayi osadzuka, osamwa madzi, atapinda msana pabedi, sikunali kwanzeru. Akanadzuka ngakhale kamodzi pa ola kukawongola miyendo, mwina akanakumbukira kusunga ntchito yake.

Komabe chimene chimatibwerera kwambiri m'maganizo si mabatani ayi. Ndi dzanja lija limene linatambasukira batani lozimitsira. Kuuma kwa kompyuta kunatitayitsa ndime ziwiri zokha, nazonso zinapezeka. Phuma lathu likanatitayitsa mwina ntchito ya usiku wonse, komanso likanasiya mwana akulira ndi mawu athu olasa ali m'makutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu tinawaphunzitsa ndife anawa, koma usiku umenewo amene anausunga anali wa Fomu 3.

Lachisanu m'mawa, mtsikana uja atanyamuka ndi lipoti lake, bambo ake anaitana mnyamatayo pakhonde.

"Mwana wanga, dzulo ndinakulankhula udyo. Unkanena zoona. Pepa."

"Palibe kanthu, ababa. Inenso ndinkaopa kuti mwina sizitheka."

Patapita milungu itatu laputopu ija inaumanso, ulendo uno tili mkati mowerengera ndalama za kumapeto kwa mwezi za kugolosale. Anyamata anali kusukulu. Tinayang'anizana, tinayang'ana kapepala ka pakhoma kaja, ndipo tinachotsa manja. Mayi anapita kukatereka madzi pamoto. Asanabwereko n'komwe, nkhungu ija inali itachoka pasikirini, manambala athu onse ali m'malo mwake. Bambo anadina Ctrl ndi S, ndipo tinapitiriza kuwerengera.