Kandege ka pa Chimbiya

Pa Chimbiya, m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, anthu amakamba za chimanga, mbatata ya kachewere ndi mitengo ya feteleza. Za ndege sakamba. Koma chaka china, m'mwezi wa Juni, mnyamata wina wa Folomu 3 adathera ndalama zake zonse za ganyu pa timamota tinayi, batire ndi kabolodi kolamulira kaulukidwe. Atsibweni ake, amene amakonza mafoni pamsika, ndiwo adamuitanitsira zonsezi ku Lilongwe.

Chidamukopa ndi mbiri ya ku Kasungu. M'chaka cha 2017 boma ndi UNICEF adatsegula kumeneko dera loyeseramo ndege zopanda woyendetsa, zotchedwa madroni. Mu Novembala chaka chomwecho, ophunzira a m'Malaŵi muno, mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech, adapanga ndege ya EcoSoar, imene idauluka yokha makilomita 19 kuchokera pachipatala cha Gogode mpaka pabwalo la ndege la Kasungu. Mnyamatayo sadalote zazikulu chotero. Iye adangofuna kandege kongoima m'malere m'chipinda, kopanda mphepo yokasokoneza.

Tsiku loyamba, m'nyumba yosungiramo matumba, kandegeko sikadanyamuke n'komwe, kadangogudubuka chagada. Mnyamata adati mota imodzi ndi yakufa.

"Atsibweni, mundikongoze ndigule ina."

"Usagule kanthu, mphwanga. Ika dzanja pansi pa phiko lililonse, undiuze chimene ukumva."

Mapiko atatu ankapemerera mpweya pansi, limodzi m'mwamba. Pa kandege ka mapiko anayi, aŵiri oyang'anana chopingasa amazungulira kumanja, ena aŵiriwo kumanzere, kuti thupi lisamazungulire nawo. Ndipo phiko la kumanja silivalidwa pa mota ya kumanzere. Atasintha, kadanyamuka, koma kankanjenjemera ndi kuthaŵira pakona imodzi. Batire adaimanga ndi mphira wa chubu pambali pang'ono, choncho timamota tiŵiri tinkasenza katundu wa anzake. Kunjenjemerako kunkanamiza kachipangizo koyeza kupendekeka, kamene kamafuna bata kuti kanene zoona. Adasunthira batire pakati, nayala chidutswa cha patapata pansi pa kabolodi.

Vuto la mphamvu ndilo lidamuliza. Mphindi isanakwane, kandege kankatsika ngati nkhuku yonyowa. Mosafunsa munthu, adagula batire yaikulu, ndipo ndi yomweyo kadalephereratu kuchoka pansi, pakuti mphamvu yoonjezerayo idabwera ndi kulemera kwake. Ndalama ya ganyu wa masabata aŵiri idapita choncho. Achinyamata amafulumira kugula pamene akadayamba ayeza. Ngakhale akuluakulu ambiri matendaŵa sadachire.

Atsibweni adatulutsa mita yawo yoyezera magetsi. Batire yakale ija, itadzaza, inkaonetsa mavolti 4.2, monga iyenera. Timamota titangolira, nambala idagwa msangamsanga. Mawaya amene mnyamata adachotsa ku mahedifoni akale adali oonda kwambiri, ndipo ankafunda m'manja: mphamvu inkathera m'njira. Chisanu cha Juni nacho chidali ndi mlandu, popeza batire yozizira imapereka magetsi monyinyirika. Kuonjezera apo, boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kumapiri ndi wopepuka. Phiko limayenera kuzungulira kwambiri kuti linyamule katundu yemweyo amene likadanyamula mosavuta ku Salima.

Adaika mawaya onenepa, adafundika batire m'thumba la malaya, nayesa masana dzuŵa litakwera. Kandege kadakwera kufika m'chiuno, kupitirira pamene mpweya wobwerera kuchokera pansi umakatekesa, ndipo kadaima phee kwa mphindi zitatu. Atsibweni adavula chipeŵa. Kenaka kadasendera kukhoma, khomalo lidakakoka, phiko limodzi lidathyoka. Lapadera padalibe. Mnyamata adalemba m'kope mwake mphindi zitatuzo, natola zidutswa, nafunsa ngati kwa anthu okumba mbatata Loŵeruka kudakali malo.