Kamera ya alamu anga inanamizira mwana wasukulu

Alamu anga ali ndi golosale pa Dwambazi, m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo pawindo la golosaleyo ndi pomwe anthu amatumizira ndi kutapa ndalama za Airtel Money ndi Mpamba. Usipa ukakhala kuti ukufa, asodzi ndi amayi a geni amaima pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo ndalama zodutsa pawindopo sizikhala zamasewera. N'chifukwa chake mu 2017, pobwerera kuchokera ku Joni komwe anakhala zaka zinayi, alamuwo anabwera ndi makamera anayi a CCTV pamodzi ndi kabokosi kake kosungira zithunzi, kotchedwa DVR. Sizinali zatsopano. Bwana wawo ku Johannesburg anali atazichotsa pashopu yake poika zina, nawapatsa ulere. Tonse tinati bwanayo ndi wamtima wabwino. Palibe amene anafunsa kuti munthu wabizinesi, wodziwa kuwerengera ndalama, akuchotseranji makamera oti akuyaka bwinobwino.

Yankho lake tinalipeza chaka chatha mu Ogasiti. Usiku wina wa mwera, akuba anathyola chitseko chakumbuyo n'kutenga K420,000, mafoni awiri a ntchito ndi mabelo a shuga. Kutacha alamu anandiitanitsa. Ine ndimaphunzitsa Physics ndi masamu pasekondale ina yoyendera kuno, ndipo anthu amangoganiza kuti chilichonse chokhala ndi waya ndimachidziwa. Pomwe ndimafika n'kuti mugolosale mutadzaza anthu, onse maso ali pa kawailesi kakanema kamene kanalumikizidwa ku DVR.

Mwa makamera anayi aja, imodzi inali itafa kalekale ndi mphenzi, alamu osadziwa. Yachiwiri inkangoonetsa zoyera ngati utsi. Yachitatu inaloza kumsewu. Ya kumbuyo yokha ndiyo inajambula kanthu: munthu wamtali, wowonda, atavala jekete ya chipewa, akudutsa kawiri. Nkhope inali ngati chibuluma cha nsima. Pakona ya chithunzi panalembedwa deti la 01-01-2000.

Bambo wina anati, "Kodi ameneyu si mwana wa mayi aja a mandasi? Kayendedweko ndi komweko." Wina anavomera za jekete. Wachitatu anakumbukira kuti anamuona mnyamatayo akuzungulira pamsika madzulo. Pasanathe mphindi zisanu, chibuluma chija chinali ndi dzina, ndipo wina anali atajambula kale sikirini ija ndi foni n'kuponya pagulu la WhatsApp. Mnyamatayo anali wophunzira wanga wa Fomu 3. Ine ndinali pomwepo, ndinkaona kuti pachithunzipo palibe nkhope, koma ndinakhala chete. Alamu anali ataberedwa, akunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo sindinafune kuoneka ngati ndikuikira kumbuyo wakuba pamaso pa abale a mkazi wanga.

Anamutengera kupolisi. Wapolisi amene anaona kanemayo sanachedwe nayo: anati palibe khoti lingamange munthu ndi chithunzi chotere, chopanda nkhope, cha deti la chaka chomwe mnyamatayo anali asanabadwe n'komwe. Anamutulutsa tsiku lomwelo. Koma pamsika mlandu unali utagamulidwa kale. Anzake anayamba kumutcha "wa pakamera", ndipo kwa milungu iwiri mpando wake m'kalasi unali wopanda munthu.

Mayi ake anandipeza kunyumba Loweruka. Atakhala pamphasa anandifunsa, "Aphunzitsi, inu munaonera kanema ija. Ndi mwana wanga?"

Ndinati, "Mayi, pachithunzi chija munthu sangadziwe kuti ndi ndani."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lomwe lija?"

Ndinalibe choyankha. Usiku umenewo ndinatenga pepala n'kuchita chinthu chomwe ndimatha, kuwerengera.

Chithunzi cha kamera chimapangidwa ndi timadontho. Ma DVR ambiri akale, pofuna kusunga malo, ankajambula timadontho 352 m'mulitali ndi 288 m'mulifupi, tonse pamodzi 101,376. Wa alamu unali wotero. Kamera ya kumbuyo ija inkaona bwalo lotambalala pafupifupi mamita 8. Gawani 352 ndi 8, mupeza timadontho 44 pa mita iliyonse. Nkhope ya munthu ndi yotambalala masentimita 16 kapena kuposera pang'ono, kutanthauza kuti nkhope ya wakubayo inali ndi timadontho 7 basi kuchokera kukhutu lina kufika kulina. Lolemba lake ndinawapatsa ana a Fomu 3 mapepala a magirafu n'kuwauza kuti aliyense ajambule nkhope ya mnzake m'timabokosi 7, kabokosi kalikonse mtundu umodzi. Anaseka, chifukwa nkhope zonse zinatuluka zofanana. Ena anazindikira chomwe ndimatanthauza n'kuyang'ana pampando wopanda munthu uja.

Kamera wamba ya masiku ano, imene amaitcha 1080p, imajambula timadontho 1,920 ndi 1,080, kupitirira 2 miliyoni, komwe ndi kuchulukitsa ka 20 poyerekeza ndi ya alamu. Pabwalo lomwe lija, mita iliyonse ikanakhala ndi timadontho 240, ndipo nkhope ikanakhala ndi 38. Akatswiri a makamera ali ndi muyezo wawo wapadziko lonse, IEC 62676-4, umene m'kope lake la 2014 unkati pafunika timadontho 125 pa mita kuti uzindikire munthu amene ukumudziwa kale, ndi 250 kuti utsimikize munthu wachilendo. Ife tinaweruza mwana wa eni ndi 44. Pamlingo umenewo kamera imangokuuza kuti padutsa munthu osati mbuzi. Zotsalazo maso athu amadzazira okha, ndipo amadzazira ndi munthu amene timamukayikira kale, kawirikawiri mwana wa mmphawi.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti kukanakhala kulibe kamera, bambo uja sakanalimba mtima kutchula dzina. Akanangonong'ona. Kamera ndiyo inamupatsa mphamvu, chifukwa kwathu kuno timakhulupirira kuti makina sanama.

Kukalamba kwa makamera sikuli pa timadontho pokha, ndipo zina mwa izi ndi zathu zathu za kunyanja. Kamera yoona usiku imakhala ndi timababu tozungulira galasi lake, totulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu saona. Timababuti timafooka ndi zaka. Tizilombo timaunjikana pakamerapo, akangaude n'kumanga ukonde kuti azitigwira, ndipo kuwala kuja kukamenya ukondewo kumabwerera m'galasi, chithunzi n'kuyera. Onjezani nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi n'kudzamatirira paliponse pamene pali nyali. Kamera yachiwiri ija inali yamoyo ndithu, koma kwa miyezi inkajambula kangaude. Pulasitiki ya kutsogolo nayo inali itachita chikasu ndi dzuwa la kuno.

Za deti la 2000 lija, mkati mwa DVR mumakhala kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamayendetsa wotchi magetsi akathima. Kakatha mphamvu, wotchi imabwerera pachiyambi nthawi iliyonse Escom ikazimitsa. Mukukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kuthimathima kumeneko kumaononganso hard disk, chimbale chosungira kanema chimene chimazungulira usana ndi usiku osapuma. Titafufuza bwino tinapeza kuti masiku ena athunthu sanajambulike n'komwe, chonsecho kababu kofiira kali kuyaka ngati zonse zili bwino. Kababu kameneka ndi kamene kanagoneka alamu tulo zaka zonsezi.

Apa ndi pamene ndinamumvetsa bwana wa ku Johannesburg uja. Sanachotse makamera ake chifukwa anafa. Anawachotsa chifukwa anasiya kuchita ntchito yomwe anawagulira, ngakhale ankayakabe. Amabizinesi akuluakulu amaonanso zina. DVR yokhala m'shopu momwemo wakuba wochenjera amangoinyamula pamodzi ndi ndalama, pamene zatsopano zimatha kutumiza zithunzi kufoni ya mwini kudzera pa intaneti. Komanso makina akale akalumikizidwa ku intaneti amakhala khomo losatseka: mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi ma DVR ambirimbiri amene eni ake sanasinthe nambala yachinsinsi yochokera kufakitale, n'kuwagwiritsa ntchito kugwetsa masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix. Ya alamu nayo nambala yake inali idakali ya kufakitale, mwayi n'kuti sinalumikizidwe kulikonse.

Nditawafotokozera zonsezi, alamu anati, "Alamu, mukunena zoona, koma mukudziwa mitengo yake? Kwacha inagwa ija, chilichonse chochokera kunja n'chosagwirika." Sankanama. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu woti wangoberedwa kumene mpamba wake sungamuuze mopepuka kuti akagule makamera. Ine malipiro anga a uphunzitsi sakanathandizapo kanthu. Chomwe ndinawauza n'chakuti makamera awiri abwino, wina pawindo la ndalama wina pachitseko chakumbuyo, oikidwa pafupi ndi pomwe nkhope imadutsa, aposa anayi okalamba oyang'ana bwalo lonse. Mawaya akale safunika kutaya, popeza alipo makamera atsopano amene amayenda pa waya yemweyo. Ndipo ngati ndalama palibiretu, kuli bwino kuwasiya akalewo pakhoma ngati choopsezera mbalame m'munda wa mpunga, koma osadzaitananso gulu kudzaonera zomwe ajambula. Ndinawakumbutsanso kuti kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi bungwe la Macra, ndipo chithunzi cha munthu si chinthu chongomwaza pa WhatsApp mmene wafunira.

Chovuta kwambiri sichinali cha ndalama. Ndinawapempha kuti tipite limodzi kwa mayi a mandasi aja. Anazengereza mwezi wathunthu, akuti iwo sanatchule dzina la munthu. Ndinati nanenso sindinatchule, koma ineyo ndikupita. Tinapita tonse Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, alamu atanyamula shuga ndi sopo. Mayiwo analandira ndi manja awiri, nathokoza mwaulemu, koma mwana wawo anakana kutuluka m'nyumba.

Mu Disembala alamu anakwera basi kupita ku Mzuzu n'kubwerako ndi makamera awiri, DVR yatsopano ndi batire ya sola yoti izigwira magetsi akathima. Titamanga, ndinadikira mdima n'kuvala jekete ya chipewa, ndinadutsa kumbuyo kuja kawiri monga anachitira wakuba. Pachithunzi panaoneka ngakhale chipsera cha pachibwano panga. Tsopano Loweruka lililonse mwana wawo amakwera pampando kukapukuta magalasi ndi kansalu, ndipo ine ndimayang'ana ngati deti lili lolondola.

Wakuba uja sanapezeke mpaka lero. Mnyamata wanga anabwerera kusukulu ndipo chaka chino alemba mayeso a MSCE. Physics amakhoza bwino, koma m'kalasi mwanga sakwezanso mkono, ndipo akamapita kumsika amadutsa tsidya lina la msewu.

Makamera akale aja alamu anafuna kuwapereka kwa msuweni wawo amene watsegula shopu ku Tukombo, ati akayambirepo. Ndinawapempha kuti andipatse ine. Ali m'katoni kusukulu, ndipo teremu ino ana a Fomu 3 awamasula kuti aone mmene galasi limapindira kuwala.